Matauni Amene Anamera pa Utuchi

Ngati nyumba imene mukuwerengeramo nkhaniyi ilibe siling'i, kwezani maso muone mitanda imene yanyamula malata. Kenaka onani chitseko, felemu ya zenera ndi mpando umene mwakhalira. Zonsezi zinali mtengo tsiku lina, ndipo mtengo umakula wobulungira, wonenepa kutsinde, wowonda kunsonga. Kalipentala safuna chinthu chotero. Iye amafuna thabwa lowongoka, la ngodya zinayi, lofanana ndi linzake kuti akawakhoma pamodzi pasaoneke mpata. Pakati pa mtengo wa m'nkhalango ndi thabwa la kalipentala pali sowo, imene ena amaitcha macheka. Nkhani ino ikufotokoza zimene zinachitikira anthu ndi nkhalango zawo pamene sowoyo inayamba kuthamanga kuposa mmene mtengo umakulira.

Anthu awiri ndi dzenje

Amene anakulira m'mbali mwa phiri la Dedza, Zomba kapena Mulanje anawaonapo anthu ocheka matabwa pamanja. Amakumba dzenje, kapena kumanga thandala pamalo otsetsereka, n'kugubuduzirapo chipika. Amanyika chingwe m'makala osinja, kuchikunga kuchokera kutsinde kufika kunsonga, n'kuchimenyetsa pachipikacho kuti chisiye mzere wakuda. Mmodzi amaima pamwamba, mnzake pansi, sowo yaitali ili pakati pawo. Mano a sowoyo amadya mtengo potsika pokha. Wa pamwamba ndiye mwini mzere, ndipo akangopotoza pang'ono thabwa lonse lapotoka. Wa pansi amakoka ndi mphamvu zake zonse, utuchi ukumugwera kumaso tsiku lonse.

Luso limeneli si la kuno kokha. Ku England, ku China ndi kumayiko ena ambiri, matabwa a nyumba ndi a zombo ankachekedwa chomwechi kwa zaka mazanamazana. Anthu awiri amphamvu akalimbikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa amatulutsa matabwa owerengeka, n'chifukwa chake thabwa linali chinthu chodula. Taonaninso mfundo iyi, chifukwa tiifuna patsogolopa: ocheka pamanja amapita kumene kuli mtengo, kuucheka pomwepo, n'kunyamula matabwa okha. Safuna tauni. Tauni ya matabwa inabadwa pamene zinthu zinatembenuka, mtengo n'kuyamba kupita kumene kuli sowo.

Madzi ndi mphepo zigwira sowo

Kuti timvetse makina oyamba ochekera, tiime kaye pakhonde la telala. Phazi la telala limangokwera ndi kutsika, koma wilo ya makina ake imazungulira. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi kachitsulo kopindika ngati chigongono, kamene amakanika amakatcha crank. Makina ochekera amagwiritsa ntchito nzeru yomweyo, koma mobwerera. Madzi a mumtsinje amazunguza gudumu lalikulu, chigongono chija n'kusandutsa kuzungulirako kukhala kukwera ndi kutsika kwa sowo. Madzi satopa, ndipo utuchi suwalowa m'maso.

Chithunzi chakale kwambiri cha makina otere chinasemedwa pabokosi lamaliro lamwala ku Hierapolis, m'dziko limene lero ndi Turkey, m'zaka za m'ma 200. Sowo yake inkacheka miyala. M'zaka za m'ma 1200 munthu wa ku France, Villard de Honnecourt, anajambula m'kope lake sowo ya matabwa yoyenda ndi madzi.

Dziko la Netherlands ndi lathyathyathya, lopanda mathithi, koma mphepo ya kunyanja siilekeza. Mu 1594 Cornelis Corneliszoon wa ku Uitgeest analumikiza sowo ku mphero yoyenda ndi mphepo. Posakhalitsa chigawo cha Zaan, kumpoto kwa Amsterdam, chinadzaza ndi mphero zamphepo mazanamazana, zambiri mwa izo zocheka matabwa. Dzikolo linalibe nkhalango zokwanira, choncho zipika zinkabwera pamadzi, zina zoyandama mumtsinje wa Rhine kuchokera ku Germany, zina pazombo kuchokera ku Norway. Matabwa atatchipa, zombo nazonso zinatchipa, ndipo zombo za Adatchi zinafika mpaka ku Asia podzera kumwera kwa Africa. Mu 1697 mfumu ya Russia, Peter, inapita yokha ku Zaandam kukaphunzira kukhoma zombo.

Ku England zinthu sizinayende choncho. Mu 1768 gulu la ocheka pamanja linagumula makina ochekera oyenda ndi mphepo ku Limehouse, mu London. N'kosavuta kuwanena kuti ankadana ndi chitukuko, koma anthuwa anaona bwino lomwe chimene chinkabwera. Makina amodzi ankagwira ntchito ya anthu ambiri, ndipo palibe amene anawafunsa kuti ana awo adzadya chiyani.

Patapita nthawi, sowo inasinthanso maonekedwe. Mu 1777 Samuel Miller wa ku Southampton analandira kalata ya boma yomuzindikira ngati mwini luso la makina a sowo yozungulira, ija yooneka ngati mbale ya mano. Sowo yokwera ndi kutsika imataya theka la nthawi yake pobwerera, pamene yozungulira imadya mosalekeza. Vuto lake n'lakuti mbaleyo iyenera kukhala yochindikala kuti isapindike, ndipo njira imene imasiya mumtengo imakhala yotakata. Utuchi ndi thabwa limene latayika. Yankho linali sowo ya lamba, chitsulo chopyapyala cha mano chozungulira pa mawilo awiri, imene inafala m'mafakitale akuluakulu m'zaka za m'ma 1880. Chinthu chachikulu kuposa zonsezi chinali injini ya nthunzi. Fakitale sinafunenso mathithi. Inkatentha utuchi wake womwe ndi zigwagwa, zija zotsala m'mbali mwa chipika, kuti iwiritse madzi oyendetsa sowo. Nkhalango inayamba kupereka yokha moto woichekera.

Paini woyera wa ku America

Kumpoto chakummawa kwa America kunali mtengo umene amalonda a matabwa ankaukonda kuposa wina uliwonse, paini woyera. Unkatalika kupitirira mamita 40, wowongoka, wofewa pocheka, wopepuka moti umayandama bwino pamadzi. Mitengo ikuluikulu inali ya zaka 200 kapena kuposerapo. Mafumu a ku England ankaufuna pa milongoti ya zombo zankhondo, ndipo lamulo la 1691 la chigawo cha Massachusetts linati mtengo wotakata mainchesi 24 kapena kuposa, pafupifupi masentimita 60, ndi wa mfumu. Nthumwi za mfumu zinkautema ndi nkhwangwa katatu, kusiya chizindikiro chonga muvi. Eni makina ochekera anadana nalo lamuloli, ndipo mu 1772 anthu a ku Weare, m'chigawo cha New Hampshire, anakwapula mkulu wa apolisi amene anabwera kudzagwira mnzawo.

Dziko la United States litadziimira palokha, nkhwangwa zinayamba ulendo wolowera kumadzulo. Tauni ya Bangor ku Maine, pamtsinje wa Penobscot, inatchuka kuyambira m'ma 1830. Kenaka ntchito inasamukira ku Michigan ndi Wisconsin, m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu za kumpoto. Msika unali pafupi. Anthu ankakhamukira ku zigwa za pakati pa dzikolo, kumene nthaka ndi yachonde koma mitengo kulibe, ndipo aliyense ankafuna nyumba, khola ndi mpanda. Ku Chicago amisiri anali atayamba kumanga nyumba ndi timatabwa ting'onoting'ono tambiri tokhoma ndi misomali yotchipa ya kufakitale, m'malo mwa mitanda ikuluikulu yofuna mmisiri waluso. Chicago inasanduka msika waukulu wa matabwa.

Nkhalangozi zinali ndi eni ake. Pa pangano la ku Saginaw la 1819, anthu a mtundu wa Ojibwe anakakamizika kusiya maekala pafupifupi 6 miliyoni m'manja mwa boma, ndipo pangano lina la 1836 linatenga malo aakulu kuposa pamenepo. Boma linkagulitsa malowo pamtengo wa dola imodzi ndi masenti 25 pa ekala. Chuma cha amalonda a matabwa chinayambira pamenepa, sowo isanalume chipika n'chimodzi chomwe.

Chaka cha wodula mitengo

Monga mlimi wa kwathu amayendera mvula, wodula mitengo wa ku Michigan ankayendera chisanu. Ntchito inkayamba nthaka ikauma gwa ndi kuzizira. Amuna ankakhala m'misasa m'kati mwa nkhalango miyezi ingapo, ambiri mwa iwo alimi osaka ndalama kapena obwera kumene kuchokera ku Canada, Ireland, Germany ndi Sweden. Ankagona ambiri m'nyumba imodzi ya zipika, mbaula pakati, zovala zonyowa zitapachikidwa pamwamba, nsabwe ndi nsikidzi zosaneneka. Kuzizirako n'kumene kunali msewu wawo. Usiku ankathira madzi panjira kuti aundane, ndipo panjira yoterera choncho mahatchi awiri ankakoka chileyi, ngolo yopanda mawilo, chitasenza mulu wa zipika wotalika kuposa nyumba. Zipikazo ankaziunjika m'mbali mwa mtsinje woundana.

Chisanu chikamatha, madzi oundana ankasungunuka, mitsinje n'kusefukira. Pamenepo ankagubuduzira milu ija m'madzi. Popeza makampani ambiri ankagwiritsa ntchito mtsinje umodzi, chipika chilichonse chinkadindidwa kumapeto ndi hamala ya chizindikiro cha mwini wake, monga momwe ena amadindira ng'ombe. Panali amuna amene ntchito yawo inali kuperekeza zipikazo. Ankavala nsapato za misomali kuphazi, kuyenda pamwamba pa zipika zoyandama, atagwira ndodo ya mbedza yachitsulo. Choopsa chinali zipika zikapanikizana pamalo opapatiza. Chimodzi chikakodwa pamwala, zina masauzande zinkaunjikana kumbuyo kwake, madzi akukankha. Wina ankayenera kupita kutsogolo kwa muluwo kukamasula zimene zatsekereza, ndipo mulu ukamasuka unkagumuka nthawi imodzi. Amuna ambiri anafera pamenepo.

Kumatsiriro a mtsinje kunali mpanda woyandama wa zipika zomangidwa ndi unyolo, kumene ankasankha zipika potsata zizindikiro zija n'kuzipereka ku fakitale ya mwini wake. Apa ndi pamene matauni anamera: Saginaw ndi Bay City pamtsinje wa Saginaw, Muskegon ndi Manistee kugombe la nyanja ya Michigan. Muyeso wawo wa matabwa umatchedwa board foot, ndiko kuti kathabwa ka masentimita 30 m'litali, 30 m'lifupi, kochindikala masentimita awiri ndi theka. Mu 1882 mafakitale a pamtsinje wa Saginaw okha anacheka timatabwa totere toposa 1 biliyoni. Ku Muskegon mafakitale anafika 47. Ku Saginaw anapezanso kuti pansi pa nthaka pali madzi amchere, ndipo ankawaphika ndi zotsala za matabwa n'kumagulitsa mchere. Kuyambira cha mu 1870 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Michigan ndiyo inkatsogola pa matabwa m'dziko lonselo.

Mtsinje ndi chisanu zinali ngati mabuleki. Mtengo wa kutali ndi madzi unkapulumuka, ndipo miyezi yotentha nkhalango inkapuma. Mabulekiwo anachoka m'ma 1870. Silas Overpack wa ku Manistee anapanga mawilo aatali kuposa munthu okokera zipika panthaka youma. Winfield Scott Gerrish anayala kanjanji kakang'ono m'nkhalango ya m'boma la Clare, ndipo Ephraim Shay anapanga sitima yotha kukwera zitunda ndi kukhota panjanji yoyalidwa mwachangu. Kuyambira pamenepo ankadula chaka chonse, paliponse, mitengo yaikulu ndi yaing'ono yomwe.

Moyo wa m'tauni ya fakitale

Tauni ya matabwa inkadzuka ndi wezulo ya fakitale. Nyumba zinali za matabwa, njira za oyenda pansi za matabwa, ndipo misewu yamatope ankaikwirira ndi utuchi. Fungo la utomoni wa paini linali paliponse. M'fakitalemo munthu wolemekezeka anali woyendetsa sowo yaikulu, amene ankayang'ana chipika kamphindi n'kudziwa mmene achitembenuzire kuti chitulutse matabwa abwino ambiri. Wina anali wonola mano a sowo, amene ankalandira malipiro apamwamba chifukwa sowo yobuntha imaimitsa fakitale yonse. Ena onse anali onyamula ndi osanja. Zala zoduka ndi makutu ogontha zinali zizindikiro za ntchitoyo.

M'matauni ang'onoang'ono akutali, kampani inali mwini wa zonse: nyumba, sitolo, nthawi zina ngakhale sukulu. Makampani ena ankalipira ndi timapepala kapena tindalama tawotawo togwira ntchito m'sitolo ya kampani yokha. Amene anaonapo moyo wa matenanti a m'maesiteti a fodya aumvetsa msanga mchitidwewu. Munthu amatenga ufa ndi sopo pangongole, ndipo pofika tsiku la malipiro ndalama yatha kale. Ntchito ikatha, nyumba yathanso.

Antchito sanangokhala chete. Mu Julayi 1885 a m'mafakitale a Bay City ndi Saginaw, amene ankagwira maola 11 kapena kuposa patsiku, ananyanyala ntchito. Mfuu yawo inali yakuti maola akhale 10, apo ayi utuchi usatuluke. Eni mafakitale anabweretsa alonda a mfuti, boma linatumiza asilikali, ndipo sitalakayo inatha patapita milungu ingapo antchito asanapeze zonse zimene ankafuna.

Usiku wa 8 Okutobala 1871

Wodula mitengo amatenga thunthu lokha. Nthambi, nsonga ndi makungwa amazisiya pansi, ndipo zikauma zimakhala nkhuni zoyalidwa pamtunda wa makilomita ambiri. M'chaka cha 1871 mvula inavuta kumpoto kwa Wisconsin. Alimi ankatentha zitsa, omanga njanji ankatentha zinyalala, ndipo timoto ting'onoting'ono tinkafuka kwa milungu yambiri mpaka anthu anazolowera utsi.

Peshtigo inali tauni ya matabwa yokhala ndi fakitale yaikulu yopanga zidebe, mabeseni ndi ziwiya zina zamtengo. Mwini wake wamkulu anali William Ogden, amene anali meya woyamba wa Chicago. Lamlungu usiku pa 8 Okutobala kunabuka chimphepo chochokera kumwera chakumadzulo, chimene chinalumikiza timoto tija kukhala moto umodzi. Opulumuka anasimba kuti anayamba kumva mkokomo ngati wa sitima. Tauni ya matabwa yoyalidwa utuchi inayaka yonse m'kanthawi kochepa. Anthu anathamangira mumtsinje n'kukhala m'madzi ozizira usiku wonse, akudzithira madzi kumutu. Ena anamira, ena anafa ndi kuzizira moto uli mbali zonse. Wansembe wa m'tauniyo, Peter Pernin, anapulumukira mumtsinjemo ndipo pambuyo pake analemba zimene anaona. Motowo unatentha maekala oposa 1 miliyoni n'kupha anthu oposa 1,200, ndipo ena amawerengera mpaka 2,500. Mitembo pafupifupi 350 imene sinazindikirike inaikidwa m'manda amodzi.

Usiku womwewo mzinda wa Chicago nawo unapsa, ndipo kunafa anthu pafupifupi 300. Dziko lonse linamva za Chicago, pamene za Peshtigo zinamveka mochedwa, chifukwa waya wa telegalafu unali utapsa. Mpaka lero moto wa ku Peshtigo ndi umene unapha anthu ambiri kuposa moto wina uliwonse wa m'nkhalango m'mbiri ya dzikolo. Phunziro silinamveke msanga. Mu 1881 moto wina unapha anthu pafupifupi 280 kummawa kwa Michigan, ndipo mu 1894 wina unapha oposa 400 ku Hinckley, m'chigawo cha Minnesota.

Mitengo ikatha

Pamene mtsinje wa Kalamazoo umathira m'nyanja ya Michigan panali katauni kotchedwa Singapore, dzina lofanana ndi la mzinda wa ku Asia. Chicago itapsa, matabwa omangiranso mzindawo anafunika ochuluka, ndipo mafakitale a ku Singapore anacheka mitengo yonse yozungulira, kuphatikizapo imene inkagwira milu ya mchenga ya kugombe. Mu 1875 makina anapasulidwa n'kupita nawo ku St. Ignace, kumpoto kumene kunali kudakali mitengo. Nyumba zina anazikokera ku tauni yoyandikana ya Saugatuck. Zotsalazo mphepo inazikwirira ndi mchenga, ndipo lero tauniyo ili pansi pa milu imeneyo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ku Singapore amene anagwa sanali eni makina. Iwo anasamuka ndi makina awo.

Pofika 1900 paini woyera wa ku Michigan anali atatsala pang'ono kutheratu. Makampani anagulitsa malo a zitsa kwa anthu osauka powauza kuti ndi minda yabwino, koma nthaka ya paini ndi yamchenga, ndipo ambiri analephera ngakhale kulipira msonkho wa malo. Malowo anabwerera ku boma. Pafupi ndi Grayling, pamalo otchedwa Hartwick Pines, pali mahekitala pafupifupi 20 a mitengo yakale imene nkhwangwa sinaikhudze, ndipo anthu amapita kukaiona kuti adziwe mmene nkhalango yonse inkaonekera.

Si matauni onse amene anafa. Anapulumuka ndi amene ndalama ya matabwa inakhalamo n'kubala ntchito ina. Ku Muskegon, Charles Hackley anamangira tauni laibulale, chipatala ndi sukulu ya ntchito zamanja, ndipo atsogoleri a tauniyo anakopa mafakitale a zinthu zina. Grand Rapids inatchuka ndi mipando ndi matebulo. Ku Flint, kumene Henry Crapo anali ndi fakitale yaikulu ya matabwa, anthu anatembenukira ku ngolo za mahatchi, ndipo mdzukulu wa Crapo, William Durant, anachoka pa ngolo n'kukhazikitsa kampani ya magalimoto ya General Motors mu 1908.

Amalonda ena anangotsatira mitengo. Mu 1900 Frederick Weyerhaeuser ndi anzake anagula maekala 900,000 m'chigawo cha Washington, kugombe la kumadzulo, pamtengo wa madola 6 pa ekala. Kuseri kwa gombelo kuli nyanja ya Pacific, kopanda nkhalango ina yothawirako, ndipo pang'onopang'ono maganizo anayamba kusintha. Mu 1941 kampani yomweyo inatsegula munda wa mitengo wa Clemons, kumene mtengo unayamba kuonedwa ngati mbewu yodzala ndi kukolola. Ku Michigan, pakati pa 1933 ndi 1942, achinyamata osowa ntchito amene boma la Franklin Roosevelt linawalemba m'gulu la Civilian Conservation Corps anadzala mitengo yoposa 400 miliyoni. Michigan ili ndi nkhalango lero, koma yambiri ndi yaing'ono, ndipo ina ili m'mizere ngati chimanga.

Mulobezi, Mulanje ndi Chikangawa

Nkhani yomweyi inachitikanso kuno, ndi mitengo yathu. Njanji zimene atsamunda ankayala zinkafuna mitanda yolimba yogonekapo zitsulo, ndipo kumadzulo kwa Zambia, m'dziko la Alozi, kunali mtengo wa mukusi, wolemera, wofiirira, umene chiswe sichiugonjetsa msanga. Kampani ya Zambezi Sawmills ya ku Livingstone inayala njanji yakeyake ya makilomita pafupifupi 160, imene inafika ku Mulobezi. Mulobezi inakula mozungulira fakitale, monga Saginaw, koma sitima ndiyo inagwira ntchito ya mtsinje, pakuti mukusi ndi wolemera kwambiri. Mtengowu umakula pang'onopang'ono pamchenga wa Kalahari. Mitengo ikuluikulu itachepa ntchito inazilala, njanji inatsala ikunyamula anthu ndi ng'ombe, ndipo malo amene kampaniyo inkasungirako sitima zake ku Livingstone lero ndi nyumba yosungiramo mbiri ya njanji.

Phiri la Mulanje likutikumbutsa kuti tisaike mlandu wonse pa makina. Mkungudza wa ku Mulanje, umene mwachilengedwe umamera paphiri lokhalo, unkachekedwa kwambiri ndi sowo ya anthu awiri ija, ndipo matabwa ankatsika phiri pamitu ya anthu. Thabwa lake ndi lonunkhira, losaola msanga, losadyedwa ndi chiswe. Phirilo linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mkungudza unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984. Komabe kalembera wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yosakwana khumi. Sowo ya pamanja ndi yochedwa, koma ikapatsidwa zaka 100, msika wolipira bwino ndi anthu osowa pogwira, imafika pamene injini ya nthunzi inafika. Mbande zambirimbiri zadzalidwanso paphiripo, ndipo mdani wake wamkulu ndi moto.

Chikangawa ndi nkhani yamtundu wina, chifukwa kumeneko nkhalango inadzalidwa ndi manja. Amene anayendapo pamsewu wa M1 kulowera ku Mzuzu zaka za m'ma 1990 amakumbukira mdima wa paini mbali zonse ziwiri, ndi nkhungu ya m'mawa. Kudzala kunakula kwambiri kuyambira m'ma 1960, mpaka nkhalango ya Viphya inafika mahekitala pafupifupi 53,000, yambiri ya paini wochokera ku Mexico. Cholinga chinali kudyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene inkayenera kumangidwa ku Chintheche, koma fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula ikudikira. Ku Chikangawa kunamangidwa fakitale ya matabwa ndi mapulayi, imene kuyambira 1999 ili m'manja mwa kampani ya Raiply, ndipo pozungulira pake panamera nyumba za antchito, sukulu ndi msika.

Zaka za m'ma 2000 zinabweretsa makina ang'onoang'ono onyamulika, oyenda ndi dizilo. Ndi makina amenewa sowo inabwereranso kumene kuli mtengo, monga kale, koma tsopano ili ndi liwiro la fakitale. M'nkhalangomo munadzaza misasa ya zigwagwa, malole akutuluka usana ndi usiku kupita ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunja kwa dziko. Ku Mzuzu kuli msika umene dzina lake lenilenilo ndi Zigwagwa. Anthu ambiri anapeza sukulu fizi ndi malata kuchokera m'matabwa amenewa, ndipo zimenezo siziyenera kunyozedwa. Koma kudula kunaposa kudzala, moto wa chilimwe unkapsereza mitengo yaing'ono chaka ndi chaka, ndipo m'zaka za m'ma 2010 zitunda zambiri za m'mbali mwa msewu uja zinali zitsa zokhazokha.

Pali chinthu chimodzi chimene Viphya ili nacho chimene Michigan inalibe. Paini woyera amene anachekedwa ku Saginaw anatenga zaka 200 kuti afike msinkhu umenewo, ndipo palibe kampani imene ikanadikira wina. Paini wa ku Viphya amakula msanga chifukwa kulibe chisanu choimitsa mtengo miyezi yambiri. Mbande imene yatuluka m'chubu n'kudzalidwa ku Chikangawa dzinja lino iyenera kupaliridwa, kudulidwa nthambi zam'munsi kuti thabwa lisadzakhale ndi mfundo zambiri, kupatuliridwa kuti mitengo yotsala inenepe, ndi kulambuliridwa njira yotchinga moto chilimwe chilichonse. Ikapulumuka zonsezo, idzafika pa sowo mwana wobadwa chaka chino ali ndi zaka pafupifupi 25.